Sitivala, Galu Amene Tinatola ku Scarborough

Ndinali ndi zaka khumi chaka chimene bambo anga anapeza galu wa kwathu ku Canada.

Tinkakhala ku Scarborough, m'nyumba zosanjikizana zazitali zija, pamwamba ndithu moti ukaima pakhonde magalimoto pansi ankaoneka ngati tizikumbu. Kuseri kwa nyumbayo kunali tchire lalitali limene munkadutsa mawaya a magetsi, ndipo pakati pa tchirelo panali kanjira kachidule kopita ku sitolo ndi kokwerera basi. Tinali titangotha zaka ziwiri chichokereni ku Ntcheu. Bambo, amene kwathu anali mphunzitsi wa sekondale woopedwa ndi ana onse, kuno ankanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu, uku akuwerengera mayeso oti boma liwalole kugwiranso choko. Amayi ankasamalira gogo wina wachizungu ku Oshawa ndipo ankagona komweko. Ankanyamuka Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi, n'kudzabwera pa sitima Loweruka m'mawa.

Ine ndinkavala kiyi pakhosi, womangirira ku chingwe cha nsapato. Ndikaweruka kusukulu ndinkakwera chikepe ndekha, kutsegula ndekha, n'kukhala ndekha mpaka bambo atabwera. M'nyumba munkangomveka filiji. Ndinene mosabisa, amayi ndinkawakwiyira. Anzanga ankapeza amayi awo akuwadikira pageti, ine ndinkapeza kiyi. Loweruka akafika ankakhala pampando asanavule n'komwe nsapato, n'kuyamba kutulutsa m'chikwama tizinthu tokulunga m'mapepala opukutira m'manja: bisiketi, timapaketi ta jamu, kachidutswa ka keke, nthawi zina lalanje. Ndinkalandira ndi manja awiri poti ndi mwambo, koma mumtima ndinkati gogo wa ku Oshawa akutenga amayi anga sabata yathunthu, ine n'kumandibwezera bisiketi.

Bambo dandaulo lawo linali lina. Chisanu anachipirira. Makatoni anawapirira. Chimene chinawakanika kumeza ndi agalu a ku Canada. Pansi pathu penipeni pankakhala a Tembo, bambo wa ku Chipata wogwira ntchito ku banki, mnzawo wa bambo wa ponda apa nane mpondepo, koma ubwenzi wake wosekana kuyambira moni mpaka kutsanzikana. A Tembo anali ndi kagalu koyera, kaubweya ngati thonje, kotchedwa Koko. Nthawi yachisanu Koko ankavala jekete yofiira ndi tinsapato tinayi, ndipo akadzithandiza panja a Tembo ankawerama ndi suti yawo n'kutola ndi kapepala ka pulasitiki.

"Tadala, taona," ankatero bambo tikawaona pawindo. "Munthu wophunzira, wa madigiri, akutolera galu zoipa. Ndiye pamenepa akuweta mnzake ndani?"

Kenako ankayamba kundisimbira za agalu enieni. Agalu a kwathu, oonda, amakutu osongoka, osadziwa dokotala, ogona paphulusa, amene ukawaponyera fupa amaligwirira m'malere. Ankasimba maso ali kutali, ndipo ine ndinkaganiza kuti akunena za agalu basi.

Tsiku lake linali Lolemba, mwezi wa Meyi, chisanu chitatha ndipo udzu utayamba kubiriwira. Bambo anaweruka msanga, tinatsika kuti tikagule mafuta ophikira, n'kudzera kanjira ka m'tchire kaja. Pamalo pena panali chipaipi chachikulu chodutsa madzi pansi pa njira. Pafupi ndi chipaipicho tinamva kulira kwa kanthu, kulira kwake kwapansipansi ngati chitseko chosowa mafuta. Bambo anapatula udzu ndi phazi.

Kanali kakang'ono kokwana m'manja awiri, kaubweya wotuwa moderapo ngati bulangete lakale. Maso ake anali a buluu wozilala. Khutu limodzi linali chilili, lina litagwa, ngati kanali kasanasankhe kuti kadzakhala kotani. Kanayesa kuthawa koma miyendo inkapita kwina, mimba kwina, ndipo kanagwa chamutu.

Bambo ananyonyomala. Kenako anayankhula motsitsa mawu ngati ali m'tchalitchi.

"Tadala, uyu ndi galu wa kwathu."

Anandionetsa umboni wonse monga mphunzitsi. Mphuno yosongoka. Nthiti zowerengeka. Mchira wogwa. Kenako anapatula ubweya wa pakhosi, n'kuona tizinthu takuda tikuthamangathamanga, mawu awo n'kunjenjemera ndi chimwemwe.

"Ngakhale nthata ali nazo!"

Tinayang'ana uku ndi uku, osaona munthu, osaona galu. Bambo anati mwina pali mzungu wina amene anamutaya poona kuti jekete sidzamukhala. Ine ndinali ndi maganizo anga, ndipo ndinawanena ngati katswiri, pakuti pa nkhani imeneyi ndinkadziona kuti ndine katswiri.

"Ali yekha, adadi. Amayi ake anamusiya."

Mafuta ophikira sitinagule tsiku limenelo. Tinabwerera kanthuko kali m'jekete ya bambo, kakuwakanda pachifuwa.

Tsono kwathu galu satchedwa dzina lokoma. Dzina la galu ndi uthenga wopita kwa anansi. Ukayambana ndi mnzako sumutukwana ayi, umangotcha galu wako Miseche kapena Mudzatopa, n'kumamuitana mokweza m'mawa uliwonse, mwini nkhani akumva ali kuseri kwa mpanda. Bambo anaganiza madzulo onse, akuyendayenda m'nyumba manja ali kumbuyo. Pomaliza anatsegula chitseko cha pakhonde, anasuzumira pansi kuti aone ngati zenera la a Tembo linali lotsegula, ndipo anaitana ndi mawu awo a pa asembule:

"Sitivala! Sitivala, bwera kuno!"

Sitivala sanabwere. Anali atalowa kunsi kwa sofa, ndipo kumeneko ndi kumene kunakhala kwawo. Koma bambo sizinawakhudze, poti amene ankafuna kuti amve anali atamva.

Masiku otsatira anatiphunzitsa zambiri, ife osafuna kuphunzira. Bambo anamupatsa mkute woviika m'msuzi, iye anaununkhiza n'kuutembenukira msana. "Galu wanji wokana mkute?" anatero bambo, koma msanga anamupezera chifukwa, kuti mwina ufa wa kuno ndi wosakoma, zimene iwonso ankanena kawirikawiri. Mkaka ananyambitako pang'ono. Koma tsiku limene bambo ankaduladula chiwindi cha nkhuku kachidutswa n'kugwa pansi, Sitivala anatuluka kunsi kwa sofa ngati muvi, anakahwatula, n'kundilumanso chala pamene ndinayesa kumugwira. Mano ake anali ngati singano. Sankagwedeza mchira. Sankauwa. Ankakumba kapeti pakona mpaka ulusi kutuluka, ndipo akakhuta ankanyamula nyama yotsala kupita nayo kumene ife sitinkadziwa.

Chinthu chimodzi chokha ndi chimene chinkawasungunula mtima bambo. Akabwera kuntchito n'kugona chagada pa kapeti kuti awongole msana, Sitivala ankatuluka, kuwakwera pachifuwa, n'kuyamba kuwanyambita m'mbali mwa kamwa, mwachangu, uku akulira pang'onopang'ono ndi kuwagunda ndi mphuno.

"Waona chikondi?" ankatero bambo maso ali tsinzi. "Akudziwa amene anamupulumutsa. Koko angachite zimenezi?"

Lachitatu a Tembo anakwera kudzaona galu amene dzina lake ankalimva pakhonde m'mawa ndi madzulo. Anabwera ndi Koko m'manja. Atangomutsitsa pansi, Koko ananunkhiza mpweya kamodzi, ubweya wonse n'kuima, ndipo anakodzera nsapato ya mbuye wake pomwepo. Sitivala anasuzumira kunsi kwa sofa, maso okha. A Tembo anagwada, anamuyang'ana nthawi yaitali, n'kudzuka pang'onopang'ono akubwerera m'mbuyo.

"Ba Banda, aka kanthu mwakatenga kuti? Aka si kagalu iyayi."

"Inu a ku Chipata mwakhalitsa kuno," anayankha bambo. "Mwaiwala maonekedwe a galu. Galu ndi ameneyu. Chanucho ndi pilo."

"Ine nakuuzani. Manje mukadyewa musabwere kuli ine."

Bambo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo a Tembo atapita anandiuza kuti imeneyo ndi nsanje yeniyeni, ndiiloweze kuti ndidzaizindikire ndikadzakula.

Ine zonsezi sizinkandikhudza. Kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Canada ndinkathamanga pochoka kusukulu. Ndinkatsegula chitseko ndikudziwa kuti m'nyumba muli wina wopuma. Ndinkagona chafufumimba pa kapeti, mutu kunsi kwa sofa, n'kumamuuza zonse, theka m'Chingerezi theka m'Chichewa: za mtsikana amene ankaseka kayankhulidwe kanga, za masamu, za gogo wa ku Oshawa. "Usadandaule," ndinkatero, "nanenso amayi anga kulibe. Tizikhala awiri." Ndinkamukonda ndi mtima wanga wonse, ndipo mantha anga anali amodzi okha, kuti amayi akabwera Loweruka adzati achoke.

Bambo ayenera kuti mantha amenewa anali nawonso, chifukwa amayi akaimba foni bambowo ankandikodola kuti ndisatchule kanthu. "Nkhani yabwino siikoma pafoni," ankatero. "Tiwauza maso ndi maso."

Lachisanu madzulo ambulansi inadutsa pansi ikulira. Sitivala anatuluka, anakhala pakati pa nyumba, anakweza kamphuno kake kudenga, n'kutulutsa mawu amene sindinamvepo kwa galu aliyense, oonda, okoka, othera m'mwamba. Tsitsi linandiima. Chitseko cha pakhonde chinali chotsegula, ndipo ambulansi itapita, kuchokera kutali m'tchire muja, kunamveka mawu ena ofanana nawo, koma aakulu, akuyankha.

Ndinayang'ana bambo. Bambo anayang'ana denga. Kenako anadzuka, anatseka chitseko cha pakhonde, n'kukweza wailesi.

Amayi anafika Loweruka m'mawa monga mwa nthawi zonse, chikwama paphewa, maso otopa. Anaima pakhomo osalowa.

"Muno mwafa chiyani?"

Bambo anati palibe, mwina ndi zinyalala za anansi. Amayi anatsatira mphuno yawo mpaka pa shelefu ya nsapato, ananyamula nsapato yakuda ya bambo, yopitira ku tchalitchi, n'kuigwedeza. Munagwa khosi la nkhuku la masiku angapo, lobiriwira. Apa ndi pamene tinadziwa kumene Sitivala ankasungira chuma chake. Mwini chumacho, atamva kuti nkhokwe yake yafwambidwa, anatuluka kunsi kwa sofa akulira.

Ndinkayembekeza kuti amayi akuwa. Sanakuwe. Anamuyang'ana, nkhope yawo n'kusintha mwa njira imene sindinaimvetse, ndipo anakhala pampando chikwama chikadali paphewa.

"Bambo a Tadala, mwana ameneyu mwamutenga kuti?"

"Si mwana, amake Tadala, ndi galu. Wa kwathu weniweni. Taonani makutu."

"Ndafunsa kuti mwamutenga kuti."

Bambo anafotokoza za chipaipi. Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati potsika basi yochokera ku siteshoni ya sitima anadzera kanjira komweko, ndipo pafupi ndi chipaipicho anaona chinyama chotuwa, choonda, mawere ali lendelende, chikuzungulira malo amodzimodzi mphuno ili pansi. Kunja kutayera kale, anthu akudutsa, icho osathawa. Chinawayang'ana, iwo n'kuchiyang'ana. "Nkhope yake ndi yomweyi," anatero akuloza Sitivala.

"Koma anali yekha," anatero bambo, mawu atayamba kuchepa. "Tikanamusiya? Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe."

"Ngwako yemwe kumuthandiza, osati kumuika m'jekete n'kukwera naye chikepe."

Apa ine ndinaona kuti mlandu ukutipita, ndipo ndinalowererapo ndi misozi, Chichewa n'kundithawa pakamwa monga chinkachitira ndikakwiya.

"But she left him! Anamusiya yekha, amayi! Mayi wabwino sasiya mwana yekha!"

Ngakhale bambo anaona kuti mawu amenewa sanali a galu. Amayi anandiyang'ana kumaso, kenako maso awo anatsikira pa kiyi amene anali pakhosi panga, poti ndinkagona naye ndi kudzuka naye.

"Anamusiya, kapena anapita kukasaka?" anafunsa mofatsa. "Tadala, tandiuza. Mawa munthu wachifundo akakupeza pakhomo pano uli wekha ndi kiyi wakoyo, anene kuti mwana uyu alibe mayi, akunyamule, akakutche dzina lina. Ine ndibwere Loweruka ndipeze mulibe munthu. Ukuganiza kuti ndingatani? Sindingazungulire nyumba ino mphuno ili pansi?"

Ndinafumbata kiyi uja m'dzanja.

Amayi anaimbira foni anthu osamalira nyama zakutchire, ndipo chakumasana kunabwera mayi wina wachizungu wovala magolovesi ofika m'zigongono, atanyamula bokosi. A Tembo, amene makutu awo sankaphonya kanthu kodutsa m'chikepe, anafika pambuyo pake ati kudzabwereka mchere. Mayiyo anasuzumira kunsi kwa sofa n'kupumira m'mwamba. Anati ameneyu ndi mwana wa kayoti, mtundu wa mmbulu wocheperako, ndipo a kuno kum'mawa ali ndi magazi a mmbulu weniweni.

"Mmbulu," anatero a Tembo, akulawa mawuwo ngati shuga. "Ba Banda, mkulu wa mpingo, mwagona na mmbulu m'nyumba wiki yonse. Uja timawerenga kuti ugwira nkhosa. Mailo Lamlungu nizapempha mpata wa umboni ku tchalitchi."

Bambo anaimirira mowongoka n'kuyamba kufunsa mayiyo mafunso m'Chingerezi chawo cha m'kalasi, kuti zioneke ngati nkhaniyi ndi ya maphunziro. Mayiyo anafotokoza moleza mtima. Ana oterewa amabadwa chisanu chikamatha, m'dzenje, ali osaona ndi osamva, ndipo masabata oyamba mayi sachoka, yamphongo ndi imene imamubweretsera chakudya. Maso amatseguka pakapita pafupifupi masabata awiri, ali a buluu, n'kudzasanduka achikasu akamakula. Makutu amadzuka pambuyo pake. Akakwana mwezi amayamba kutuluka kudzasewera pakhomo pa dzenje, ndipo nthawi imeneyo mkaka wokha sukwanira, choncho makolo onse amapita kukasaka n'kuwasiya okha kwa maola. Anthu ambiri akawaona amaganiza kuti ndi amasiye. Sitivala, anatero, ayenera kuti anangoyenda motalikirako pang'ono ndi abale ake.

Bambo, pofuna kupulumutsako kena kake, anati komabe nyamayi inawazolowera kwambiri, moti madzulo alionse inkawapsompsona pakamwa. Mayiyo analuma mlomo kuti asaseke. Anati makolo akagwira nyama kutali alibe chonyamulira, ndiye amaimeza, n'kuyenda nayo m'mimba mpaka kudzenje. Ana amathamangira kudzawanyambita m'mbali mwa kamwa, ndipo kunyambitako ndi kumene kumachititsa kholo kubweza nyama ija kuti anawo adye.

"He was asking you to throw up, sir," anatero.

A Tembo anakhala pansi, pa kapeti penipeni, ndi mchere wawo m'manja. Anaseka mpaka misozi, akumenya pansi ndi chikhatho. "Chikondi! Ba Banda, mwana anali kupempha masanzi, imwe muli chikondi!" Amayi anatembenukira kukhoma mapewa akugwedezeka. Bambo anatulutsa mpango m'thumba n'kupukuta pakamwa pang'onopang'ono, mbali iyi ndi mbali iyo.

Mayi uja anati popeza make akadali kumufunafuna, mwayi ulipo woti amulandira, koma tisachedwe. Ndinapempha kuti bokosi ndinyamule ine, ndipo anandilola. Linali lopepuka, lofunda pansi, ndipo m'katimo Sitivala ankakanda. Njira yonse ndinkafuna kuthawa nalo, koma ndinalibe kothawira, ndipo mawu a amayi aja ankandilondola. Mayiyo anamutulutsa pafupi ndi chipaipi, pamalo pomwe tinamutola, n'kutiuza kuti tipite kutali ndithu. Tinakaima pakamtunda ka poimika magalimoto. A Tembo anathamangira kukatenga magalasi oonera patali, n'kundipatsa ine, ati mwini maliro ndi amene amaona nkhope.

Tinadikira mpaka miyendo kuwawa. Sitivala anakhala pa udzu, kadontho kotuwa, akulira. Mumtima mwanga munali nkhondo. Mbali ina inkapemphera kuti make asabwere, kuti mayi wa magolovesi uja anene kuti basi mutengeni. Mbali ina inkaopa kuti akapanda kubwera, ndiye kuti zimene ndinkaganiza za amayi onse zinali zoona.

Dzuwa litapendeka udzu unagwedezeka. Anatuluka pang'onopang'ono, woonda ngati mmene amayi ananenera, akuima, kununkhiza, kuyendanso. Sitivala atamuona anathamanga, kugwa, kudzuka, kuthamanganso, n'kukamudumphira kukamwa, kunyambita mwachangu chomwe chija, kulira komwe kuja. Make anamununkhiza thupi lonse, fungo la sofa yathu ndi sopo wa bambo. Kenako anaweramitsa mutu, msana n'kukungika.

"Akutani?" anafunsa bambo.

"Akusanza, adadi."

"Nanga Sitivala?"

"Akudya."

Bambo anagwedeza mutu ngati munthu amene walandira chigamulo cha khoti. "Zimenezo ine sindikanatha," anatero.

Atatha kudya, make anamugwira pakhosi ndi mano n'kulowa naye m'tchire miyendo ili lendelende. Sanatembenuke kuti atiyang'ane, ngakhale kamodzi. Ndinabweza magalasi kwa a Tembo chifukwa sindinkaonanso kanthu. Bambo nawo ankapukuta m'maso ndi mpango womwe uja, akudandaula za mphepo ya ku Canada, ngakhale kuti tsikulo kunalibe mphepo. A Tembo, kunena zoona, sanaseke. Anangowagwira paphewa mnzawoyo.

Amayi anali akadali ndi chikwama chawo, poti chifikireni anali asanapeze mpata wochiika pansi. Anapisamo dzanja n'kutulutsa kanthu kokulunga m'pepala lopukutira m'manja. Inali bisiketi, yothetheka ndi ulendo. Anati gogo uja anawapatsa Lachiwiri pa tiyi. Ndinailandira ndi manja awiri, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaganiza za masiku onse amene bisiketi imeneyo inakhala m'chikwama, kuyambira Lachiwiri, amayi akumwa tiyi wopanda chomwera.

"Inu munadyako?" ndinafunsa.

"Ndinanunkhiza," anatero akuseka. "Idya."

Ndinadya yonse, ndi nyenyeswa zomwe, ndikulira.

Chilimwe chonse tinkawaonera pakhonde ndi magalasi a a Tembo, amene bambo anabwereka osabweza. Anali ana angapo, ndipo sitinkatha kusiyanitsa kuti Sitivala ndi uti, ngakhale bambo ankaumirira kuti ndi wanzeru kwambiri uja. Tinaona makutu onse atadzuka, miyendo ikutalika kuposa thupi, ubweya ukuyera. Tinawaona akulimbana, akudumphira ziwala ndi miyendo yonse inayi n'kuphonya, kenako akudumphira mbewa osaphonya. Tinaona wamkulu mmodzi akutsala nawo ena akapita. Masamba atayamba kufiira anawo anali atafanana msinkhu ndi mayi wawo, ndipo pang'ono ndi pang'ono anasiya kuoneka pamodzi.

Tsiku limene chisanu choyamba chinagwa, bambo anaona mmodzi akudutsa m'tchire loyera mbee, yekha, mchira uli pansi, osafulumira. Pansi pa nyumba a Tembo anali akuyendetsa Koko, jekete yofiira, tinsapato tinayi. Bambo anatsegula chitseko cha pakhonde, kuzizira konse n'kulowa m'nyumba, ndipo anakuwa mpaka anthu a nyumba zina kusuzumira:

"A Tembo! Tayang'anani uko! Sitivala!"

Papita zaka zambiri. Bambo anakhoza mayeso awo, anaphunzitsa mpaka kupuma, ndipo sanawetenso galu. Ndikuganiza tsopano kuti tsiku lija paudzu sanaone galu, anaona Ntcheu, ndipo munthu wolakalaka kwawo angathe kukumbatira ngakhale mmbulu. Ine ndine namwino ku North York, ndipo mashifiti anga ndi aatali. Ndili ndi mwana wamkazi amene amandiyang'ana ndi diso lomwe lija ndikamavala yunifolomu. Ndimalidziwa disolo, ndipo sindimudzudzula, chifukwa mwana amaona chitseko chikutsekeka, saona kumene mayi wapita. Akulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ine ndinawonjezera kuti usamuonenso kusowa pakhomo, poti mayi amene kulibe nthawi zambiri amakhala ali kosaka, ndipo njira yonse yobwerera amayenda ndi gawo lako.

Amene amatsala ndi mwanayo ndikapita ku ntchito ndi amayi, tsitsi lili mbuu tsopano. Ndikafika pakhomo mwana wanga sandipatsa moni, amathamangira chikwama n'kuyamba kupisapisa. Ndikati ndimukalipire kuti ayambe wapereka moni, amayi amandiletsa ali pa sofa.

"Musiye anyambite," amatero.

Ndimamusiya. M'kathumba ka m'mbali amapezamo bisiketi yokulunga m'pepala, imene anatipatsa kuntchito pa tiyi m'mawa, ine n'kungoinunkhiza.